Vape ikamapserera, funsani kaye thonje

Amene anakulira pa koloboyi akudziwa zomwe zimachitika palafini akatha. Lawi silizima pompo. Limayamba lafiira kaye, kenaka chingwe chija chimayamba kudzidya chokha, fungo n'kudzaza nyumba yonse. Thanki ya vape, ndudu yamagetsi ija, imayendera nzeru yomweyo. M'kati mwa koyilo, kachitsulo kotenthetsa komwe kamamangidwa mu thanki, muli waya wopotapota kapena kachitsulo kooneka ngati sefa, ndipo kuzungulira pamenepo pali thonje. Thonjelo limayamwa juwisi, madzi a vape aja a mu thanki, kudzera pa timabowo ta m'mbali mwa koyilo, waya n'kumutentha kuti asanduke nthunzi. Thonje likakhala lonyowa, juwisi amanyamula kutentha n'kuuluka nako. Likangouma, ngakhale kachigawo kochepa ngati njere ya mpunga, kutentha kumasowa kopita n'kugwira thonje lenilenilo. Chimene chimakubayani pakhosi ndi chimenecho.

Ndiye nthawi iliyonse vape ikapserera, funso limakhala limodzi: moto wathamanga bwanji kuposa juwisi? Mwina moto wachuluka, mwina juwisi akuyenda mochedwa, mwina njira yake yatsekeka. Kusintha koyilo musanapeze yankho n'kutaya ndalama, chifukwa yatsopanoyo ipsanso chimodzimodzi. Fodya tili naye wodzaza ku Kanengo, koma makoyilo amapangidwa kutali, ambiri ku Shenzhen m'dziko la China, ndipo kuno ku Lilongwe mtundu womwe mukuufuna sungopezeka tsiku lomwe mwaufuna.

Kuuma n'kwina, kupserera n'kwina

Zindikirani kaye kuti mwafika pati. Pali kukoka kouma: nthunzi imachepa, kukoma kwa juwisi kumazilala, kukhosi kumakereketa, ndipo pamamveka kafungo ngati ka pepala lomwe layandikira moto. Apa thonje lauma koma silinapse. Mukaima pomwepo n'kuisiya vape choimirira kwa mphindi 5 kapena 10, kawirikawiri imabwerera mwakale.

Kupserera kwenikweni sikufuna kukuuzani munthu. Kumawawa, kumatsokomoletsa nthawi yomweyo, fungo lake ngati la sanza yomwe yagwera pa mbaula. Apo ulusi wa thonje wapsa. Nsima ikapserera, ngakhale muipakulire m'mbale yatsopano fungo limaitsatira, ndipo koyilo nayonso ndi choncho: kuitsuka, kuiviika usiku wonse, kusintha juwisi, palibe chimene chimachotsa. Musaumirire kukoka poganiza kuti litha lokha. Juwisi akatenthedwa mopyola pa thonje louma amasweka n'kutulutsa mankhwala oipa monga formaldehyde, acetaldehyde ndi acrolein, omwe amapweteka kukhosi ndi m'mapapo.

Kuti mutsimikize, masulani koyilo n'kusuzumira m'kati kuchokera pamwamba ndi tochi ya foni. Thonje loyera, kapena lomwe langotengera mtundu wa juwisi, likadali bwino. Mukaona madontho akuda pamene thonje lakhudzana ndi waya, kapena sefa yonse yakutidwa ndi zakuda, koyiloyo yatha.

Kenaka kumbukirani nthawi yomwe vuto linayamba, chifukwa ndiyo imaloza wolakwa. Koyilo yopsa tsiku lomwe mwaiika, mlandu uli pa kanyowetsedwe kapena mawati, omwe ndi mulingo wa mphamvu ya moto. Yomwe imayamba bwino n'kumauma pa kukoka kwachinayi kapena kwachisanu, juwisi sakufika msanga. Yomwe yayenda bwino sabata imodzi kapena awiri kenaka n'kuyamba kuwawa pang'onopang'ono, yakalamba. Yomwe inali bwino pokwera minibasi koma potsika ikununkha, batani linadinika m'thumba.

Koyilo yatsopano

Makoyilo ambiri amafera pano, m'mphindi yoyamba. Thonje la koyilo yatsopano limakhala louma gwa, lopanikizidwa, ndipo kungodzaza thanki sikulinyowetsa mpaka m'kati nthawi yomweyo. Kunja limaoneka lonyowa pamene pakati, pomwe pali waya, pakadali pouma. Kudina batani kamodzi kokha pamenepo kwakwana kuwononga zonse.

Chitani motere. Musanamange koyilo, donthezani dontho limodzi la juwisi pa kabowo kalikonse ka m'mbali pomwe thonje likuonekera, mudikire lilowe, mubwerezenso mpaka thonje lisiye kuyamwa msanga. Kenaka pendeketsani koyilo n'kudontheza m'kati kuchokera pamwamba, juwisi atsikire pa thonje la m'mbali osati kungodutsa pakati n'kutulukira pansi. Koyilo yaing'ono ya 0.8 kapena 1.2 ohm (nambala yolembedwa pa koyilo, yonena momwe waya umakanira magetsi) imakwana ndi madontho 2 kapena 3 m'katimo. Yaikulu ya 0.15 kapena 0.2 ohm imafuna 5 mpaka 8. Mukachulutsa, vape imalira kolokolo ngati munthu akuchukucha m'kamwa ndipo imalavulira juwisi pa lilime.

Mangani koyilo, dzazani thanki, tsekani chivundikiro, muisiye choimirira kwa mphindi 10. Ngati juwisi ndi wolimba kapena kunja kukuzizira, pitani mpaka 15. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawiyo ikakwana, chepetsani polowera mpweya n'kukoka ka 3 kapena ka 4 mosadina batani, modekha, kuti juwisi akokedwere m'kati mwa thonje. Timathovu tikamakwera kuchokera pa timabowo ta koyilo, ndiye kuti akulowa.

Kenaka yambani ndi mawati otsika kuposa omwe alembedwa pa koyilo. Ngati palembedwa 32 mpaka 40, yambirani pa 25, kokani mwachidule ka 5, kwezani ndi 2 kapena 3, mpaka mufike m'malire ake. Pa ma pod, tima vape tating'ono ta kathanki kongolowetsa, omwe koyilo yake ndi yomatirira, simungadontheze m'mbali. Chomwe mungachite n'kudzaza n'kudikira, ndiye dikiranidi mphindi 10 zonse osabera.

Mawati

Koyilo iliyonse ili ndi manambala olembedwa m'mbali mwake ndi pa paketi: ma ohm ake ndi malire a mawati. Mwachitsanzo, koyilo ya Aspire Nautilus ya 1.8 ohm imafuna mawati 10 mpaka 14, ya Voopoo PnP-VM1 ya 0.3 ohm imafuna 32 mpaka 40, pamene PnP-VM6 ya 0.15 ohm imafuna 60 mpaka 80. Nambala ya pamwambayo si cholinga choti mufikepo. Opanga amaiyesa ndi juwisi woyenda bwino komanso mpweya wotsegula. Ndi juwisi wotsekemera kwambiri kapena wolimba, khalani pakati kapena m'munsi mwa malirewo. Nthunzi idzachepa pang'ono koma koyilo idzakhalitsa.

Ngozi yofala ndi yosintha mtundu wa koyilo n'kuiwala kusintha mawati. Munthu amachotsa ya 0.15 ohm yomwe amaikoka pa 70, n'kuikapo ya 0.8 ohm chifukwa ndi yomwe yapezeka mu shopu, n'kudina. Sekondi imodzi, thonje lapita. Ma mod ena (mod ndi chigawo chokhala ndi batire ndi batani) amadzisankhira okha mawati akazindikira koyilo yatsopano, koma musawakhulupirire chimbulimbuli: yang'anani pa sikirini musanakoke. Yang'ananinso ngati pali zoti boost, hard kapena preheat. Zimenezi zimakankha moto wopitirira womwe mwaika m'sekondi yoyamba, ndipo pa koyilo yaing'ono zimaumitsa thonje. Bwezerani pa normal kapena soft.

Tima vape tina tilibe posinthira mawati, timangopereka mphamvu ya batire momwe ilili. Masamu ake ndi awa: mavoti kuwachulukitsa ndi mavoti omwewo, n'kugawa ndi ma ohm. Batire lodzaza limakhala pa mavoti 4.2, ndiye pa koyilo ya 0.8 ohm limapereka mawati pafupifupi 22. Likatsika kufika pa 3.7 limapereka pafupifupi 17. N'chifukwa chake ena amadandaula kuti vape imapserera ikangochoka pa chaja. Magetsi a ESCOM akabwera mwatchaja mpaka kudzaza, kukoka koyambirirako kukhale kwakufupi, masekondi 2, mpaka batire litsikeko.

Juwisi wolimba ndi nyengo ya kuno

Juwisi amapangidwa ndi zinthu ziwiri zazikulu. PG (propylene glycol) ndi wamadzimadzi, amayenda msanga m'thonje, amanyamula kukoma ndipo amagunda kukhosi. VG (vegetable glycerine) ndi wolimba ngati uchi, ndiye amabweretsa nthunzi yambiri. Pa botolo pamalembedwa 50/50, 60/40 kapena 70/30, ndipo kawirikawiri nambala yaikuluyo ndi ya VG, koma werengani bwino chifukwa ena amayamba ndi PG.

Kukula kwa timabowo ta koyilo ndiko kumanena juwisi woyenera. Makoyilo a 0.8 ohm kupita m'mwamba, ndi ma pod ambiri, ali ndi timabowo tating'ono ndipo amafuna 50/50, mwina mpaka 60/40. Makoyilo a 0.4 ohm kutsika m'munsi ali ndi mabowo aakulu ndipo amamwa 70/30 bwinobwino. Mukathira 70/30 mu pod ya timabowo tating'ono, zili ngati kumwa phala ndi kaphesi: kukoka koyamba kuli bwino, kwachiwiri kuli bwino, kwachitatu thonje lauma. Mukathira 50/50 mu thanki yaikulu, vuto limatembenuka, imadontha n'kulavula.

Apa pakubwera chinthu chomwe malangizo a pa paketi sanena, nyengo. VG amalimba kwambiri kukazizira. Mu June ndi July, m'mamawa wa ku Lilongwe umatha kutsika mpaka madigiri 10 kapena kuchepera apo, ndipo vape yomwe yagona pa windo kapena m'galimoto imakhala ndi juwisi woyenda ngati uchi wa mu furiji. Pendeketsani thanki muone thovu la mpweya: likamakwera mwaulesi, thonje nalonso likumwa mwaulesi. Thanki yomweyo, juwisi yemweyo, mawati omwewo, zomwe zinali bwino mu April zimayamba kuuma nthawi ya mwera. Mankhwala ake ndi osavuta. Fumbatani thanki m'manja kwa mphindi 2 kapena 3, kapena muiike m'thumba la m'kati mwa jekete. Kokani kawiri mosadina batani, tsitsani mawati ndi 3 mpaka 5 pa kukoka koyambirira. Osaiyandikitsa pa mbaula, pa hotipuleti kapena pa chotenthetsa cha m'galimoto, chifukwa m'menemo muli batire la lithium. Amene amakoka 70/30 chaka chonse pa koyilo yapakatikati, monga ya 0.6 ohm, angachite bwino kusinthira ku 60/40 kapena 50/50 miyezi yozizirayi.

Mu October ndi November kukamapitirira madigiri 30, juwisi amasungunuka n'kuyenda msanga. Kupserera kumabwerabe koma podzera njira ina: thanki yosiyidwa pa dashibodi dzuwa likuswa mtengo imadontha kudzera polowera mpweya, juwisi n'kutha mwiniwake osadziwa, iye n'kudzangodina. Ulendo wokwera mtunda umachitanso zomwezo. Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja ya mchere, Dedza ali cha m'ma 1,600, pamene nyanja yathu ku Senga Bay ili pansi pa 500. Mukamakwera kuchokera ku Salima, mpweya wotsekeredwa mu thanki umafufuma n'kukankhira juwisi kunja. Dzazani thanki musananyamuke kuti mpweya uchepe m'katimo, tsekani polowera mpweya, ndipo mukafika yang'anani mulingo musanakoke. Pokwera ndege ku Kamuzu International Airport thanki ikhale yopanda kanthu, ndipo vape ndi mabatire zikhale m'chikwama cha m'manja.

Ena amasungunula juwisi wolimba ndi madzi. Zimatheka, koma ndi madzi a distilled oyera a ku famase okha, osapitirira dontho limodzi pa mililita iliyonse, ndipo mukapyola apo vape imathetheka n'kulavula. Madzi a pa mpopi ali ndi mchere womwe umakakamira pa waya. Madzi a batire la galimoto a pa filing'i siteshoni asiyeni, sanapangidwe kuti alowe m'thupi. Chimodzimodzi glycerine wodzola uja wa m'magolosale: dzina likufanana ndi VG, koma wina amakhala ndi zonunkhiritsa ndi zina zomwe sizinalembedwe. Mafuta a mtundu uliwonse, ophikira kapena onunkhira, asayandikire thanki. Mu 2019 ku America anthu ambiri anadwala mapapo, ena kumwalira, chifukwa cha vitamin E acetate yemwe ankasakanizidwa m'madzi a vape ogulitsidwa mwamseri.

Nkhoko za pa koyilo

Juwisi ambiri okoma ngati maswiti, keke kapena zipatso zoziziritsa amathiridwa sucralose. Chotsekemeretsachi sichiuluka chonse ndi nthunzi. Chimatsalira pa waya, n'kupsa, n'kuunjikana ngati nkhoko pansi pa mphika. Nkhokozo zimachita zoipa ziwiri: zimatseka ulusi wa thonje kuti juwisi asadutse, ndipo zokhazo zimapsa nthawi iliyonse mwadina. Kakomedwe kake kamasiyana ndi ka thonje lopsa, kamakhala ngati shuga wopserera mu poto, ndipo kamabwera pang'onopang'ono. Chizindikiro china n'chakuti juwisi wa mu thanki amayamba kuda kuposa wa m'botolo, chifukwa zakudazo zikubwerera m'mbuyo kudzera m'thonje.

Ndi juwisi woyera wosatsekemera kwambiri, koyilo imatha kukhala sabata imodzi mpaka awiri, nthawi zina kuposera apo. Ndi wotsekemera zedi pa mawati okwera, masiku 3 kapena 4 yatha. Kuyesa kwake n'kosavuta: pakani kadontho pakati pa zala, akamamata ngati manyuchi ndipo milomo ikumatsala yotsekemera mukakoka, ameneyo ndi wakudya makoyilo. Juwisi wakuda, monga wa khofi, chokoleti kapena wa fodya weniweni, nayenso amadetsa msanga. Palibe njira yothetseratu, koma kutsitsa mawati kumachedwetsa, ndipo kusinthanitsa ndi wa menthol kapena wa zipatso wosatsekemera kumatalikitsa moyo wa koyilo. Botolo lizikhala mu kabati mozizira ndi mwamdima, lotseka bwino, komanso pomwe ana sangafike, chifukwa nikotini akamwedwa ndi poizoni.

Koyilo yakuda ndi nkhoko koma yosapsa thonje imatha kutsukidwa ndi madzi otentha, kuumitsidwa tsiku lathunthu, n'kunyowetsedwanso ngati yatsopano. Kunena zoona, zimangokupatsani tsiku limodzi kapena awiri podikira kuti yatsopano ipezeke.

Kakokedwe

Thonje limafuna nthawi kuti limwenso mukatha kukoka. Mukamakoka motsatizanatsatizana, monga zimachitikira pa mzere wa mafuta kapena poonera mpira wa Silver Strikers ukafika povuta, kukoka kulikonse kumapeza thonje louma kuposa poyamba. Siyani masekondi 20 mpaka 30 pakati. Kukoka kumodzi kusapitirire masekondi 3 mpaka 5. Ma mod ambiri amadzizimitsa okha pa masekondi 8 kapena 10, koma kufika pamenepo thonje limakhala litavutika kale. Yambani kukoka mpweya nthawi yomwe mukudina batani, osati kudina kaye n'kumadikira, ndipo siyani batani pang'ono musanasiye kukoka kuti mpweya womaliza uziziritse waya.

Ngati simungathe kudikira masekondi 20, mwina nikotini wa mu juwisi wanu ndi wochepa poyerekeza ndi fodya yemwe munkasuta. Munthu yemwe wachoka pa paketi ya ndudu pa tsiku n'kupita pa 3 mg mu kachipangizo kakang'ono amangokhalira kukoka. Kachipangizo kokokera kukamwa ka mawati ochepa kamayenda ndi nikotini wokwererapo, monga 12 mg kapena nic salt (mtundu wina wa nikotini) wa 20 mg, munthu n'kukoka kochepa n'kukhutira. Koma wokwerayo asalowe mu thanki yaikulu ya mawati 60. Mmenemo ndi 3 mg, mwina 6 mg. Wa 20 mg pa moto wotero amapalira kukhosi moti ena amayesa koyilo yapsa, ndipo amabweretsa chizungulire, nseru ndi kuthamanga kwa mtima. Zonsezi tikunenera akuluakulu omwe akuchoka ku fodya. Nikotini amakola, ndipo si wa ana, amayi oyembekezera kapena amene sanasutepo.

Mulingo, mpweya ndi thanki yotsamwa

Timabowo ta koyilo tizikhala tomira nthawi zonse. Juwisi akatsika kufika pa kota ya thanki, onjezerani. Pa ma pod akuda omwe saonetsa bwino m'kati, unikani ndi tochi. Kumbukiraninso kuti mukakoka mutagona chagada kapena mutapendeketsa vape, juwisi amathawira mbali imodzi n'kusiya timabowo ta mbali inayo pamtunda, ngakhale thanki ili ndi theka.

Mpweya wodutsa m'koyilo ndi umene umaziziritsa waya. Mukatseka polowera mpweya kuti kukoka kukhale kothina ngati kwa ndudu, tsitsaninso mawati. Koyilo ya mawati 60 yotsekeredwa mpweya imatentha mpaka kokokera komwe kumawotcha milomo.

Pali vuto lina lozunguza mutu: thanki yodzaza, mawati abwino, koma kukoka kouma. Juwisi akamalowa m'thonje, mpweya umayenera kulowa mu thanki kudzatenga malo ake, ndiwo timathovu tija. Nthawi zina thovu limakakamira pa kabowo ka koyilo, kapena thonje lathina kwambiri moti mpweya sukudutsa, juwisi n'kuima. Mukakoka kangapo osaona thovu ngakhale limodzi, masulani chivundikiro pang'ono kwa masekondi ochepa mpaka timathovu tikwere, n'kutsekanso. Kugogoda thanki ndi chala kumachotsa thovu lokakamira. Podzaza siyani kampata kakang'ono pamwamba. Zikamabwerezabwereza pa koyilo imodzi, bayani pang'ono thonje la pa kabowo kalikonse ndi nsonga ya singano yoyera, mosapitirira milimita imodzi kuti musakhudze waya.

M'thumba

Minibasi ya ku Area 25 ikadzaza anayianayi, kapena mwakhala pa kabaza, batani limadinika ndi ntchafu kapena makiyi. Popanda mpweya wodutsa, masekondi 10 amenewo amapsereza thonje ngakhale thanki ili yodzaza, ndipo batani likamadinika n'kusiyidwa kangapo, ndiye kuti yatheratu. Pafupifupi vape iliyonse ya batani imazima mukadina ka 5 mofulumira. Chizolowezi chimenecho chimapulumutsa makoyilo ambiri. Mabatire apadera a mod, otchedwa 18650, asayende m'thumba limodzi ndi makiyi kapena makobidi, akhale m'kabokosi kake ka pulasitiki.

Polumikizira ndi makoyilo achinyengo

Pamene thanki imamangidwa pa mod pali kapini kachitsulo. Juwisi wodontha ndi fumbi la mu August mpaka October zimaunjikana pamenepo, mod n'kumawerenga ma ohm olakwika. Ikawerenga okwera kuposa enieni, imakankha mavoti ochuluka. Yang'anani pa sikirini: koyilo ya 0.3 ohm ikamaoneka 0.28 kapena 0.33 palibe vuto, koma ikamadumphadumpha kapena kuonetsa 0.5, masulani, pukutani ndi tishu youma mbali zonse ziwiri, muone ngati koyilo yakhala bwino pampando pake, n'kumanganso ndi zala mosakakamiza.

Paketi yonse ikamapsa tsiku limodzi limodzi pamene mwachita zonse bwino, ganizirani zachinyengo. Makampani odziwika amaika pa paketi kachikwangwani kopala kokhala ndi nambala yotsimikizira pa webusaiti yawo. Makoyilo ogulitsidwa imodziimodzi opanda chokutira chake, zilembo zofufutika, kapena ma ohm osiyana kwambiri ndi olembedwa, ndi okayikitsa. Ngakhale m'paketi yeniyeni imodzi imatha kutuluka yothina thonje. Imodzi ndi tsoka, zitatu motsatizana ndi nkhani ina.

Kuyeza kutentha

Ma mod ena ali ndi TC, yomwe imadula moto waya akafika pa madigiri omwe mwaika, moti thonje likauma nthunzi imangochepa osapserera. Imagwira ndi mitundu ina ya waya, monga SS316L, Ni200 kapena titanium. Kanthal ndi Ni80, omwe ali m'makoyilo ambiri ogula, sagwira, chifukwa ma ohm awo sasintha mokwanira akatentha. Sankhani mtundu wa waya woyenera pa sikirini, mangani koyilo ili yozizira kuti mod iwerenge ma ohm olondola, yambirani pa madigiri 200 n'kumakweza ndi 5 mpaka cha m'ma 230. Ni200 ndi titanium asagwiritsidwe ntchito pa mawati wamba. SS316L yekha ndiye amayenda konsekonse.

Kwa odzipangira okha makoyilo

Pa RTA, thanki yomwe mumadziikira nokha waya ndi thonje, pafupifupi kupserera konse kumachokera ku kuchuluka kwa thonje. Liyenera kudutsa m'koyilo ya mamilimita 2.5 kapena 3 likugwira pang'ono: likamakoka mod kapena kupinda waya lachuluka, likamangopulumuka lachepa ndipo pakati pasiyika mpata womwe waya adzafiira yekha. Michira yake ipesedwe ndi nsonga ya kapanira kuti ipyapyale, idulidwe kuti ingofika pakamwa pa tinjira ta juwisi, n'kugonekedwa mofewa. Kuikanikiza mpaka pansi ndiko kutsamwitsa thanki. Pa RTA ya sefa lamulo limatembenuka: thonje lichuluke ndipo likankhe sefa yonse kuchokera pansi, chifukwa pomwe sefa sinakhudze thonje pamapsa pompo.

Musanaike thonje, yatsani waya mwa apo ndi apo pa mawati 15 mpaka 20. Afiire kuyambira pakati kupita m'mbali mofanana. Pakaoneka kadontho kowala kuposa pena, kapena mwendo wa waya ukafiira, siyani batani, palani pamwamba pa koyilo ndi kapanira ka ceramic, mangitsani timasikuluwu, muyesenso. Izi n'za waya wopanda thonje. Pa koyilo yogula musayese. Thonje likhale logulitsidwira vape, losayeretsedwa ndi mankhwala. La ku famase lina limasakanizidwa ndi ulusi wa pulasitiki womwe umasungunuka, ndipo la kumunda ku Salima kapena ku Balaka, ngakhale lili lathu, limabwera ndi mafuta ake achilengedwe komanso mankhwala opopera mbozi.

Ikapsa kale

Fungo la kupserera limalowerera juwisi yemwe anali mu thanki, ndiye ameneyo mutayeni, musamubwezere m'botolo. Phwasulani thanki, chotsani koyilo yakale, tsukani galasi, kokokera ndi chitsulo cha pansi m'madzi ofunda. Timphira tozungulira tija timasunga fungo kwambiri. Tiviikeni mphindi 15, ndipo komwe kang'ambika kapena kutanuka sinthani ndi kapadera ka m'bokosi lomwe thanki inabweramo. Pukutani ndi tishu, siyani ziume pamthunzi pomwe fumbi silikufika. Mod isalowe m'madzi, ingopukutidwa polumikizira. Musanamange koyilo yatsopano, tsitsiranitu mawati pa sikirini n'kuizimitsa ndi kudina ka 5, kuti chala chisadine mwachizolowezi mphindi 10 zodikira zija zisanakwane.